Nyama ya ng'ombe yokazinga ndi masamba: ingapse m'mphindi 10?

Make Tadala: Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni nzeru. Ndimaweruka 5 koloko, pofika kunyumba kumakhala kutada, ndipo nyama ya ng'ombe monga timaiphikira imafuna ola ndi theka pamoto. Ana amayamba kusinza chakudya chisanapse. Ndamva za stir-fry, akuti nyama ndi masamba zimapsera limodzi m'mphindi 10 zokha. Kodi zingatheke ndi nyama yathu ya kubutchalayi? Pakhomo tilipo 6, ndipo ndikufuna kugula theka la kilo. Karoti, green pepper, anyezi ndi chainizi ndili nazo kale.

Nachisale: Zimatheka asisi, kwathu ndi chakudya cha pakati pa sabata chimenecho. Koma mphindi 10 zimenezo, kapena kupitirirako pang'ono, ndi za pamoto pokha. Kuduladula ndiye kumadya nthawi, muwerengere mphindi 20 zina. Mukangoteleka simupezanso mpata wosenda adyo, ndiye chilichonse chikhale chodulidwa kale, m'mbale zake, pafupi ndi dzanja.

Agogo a Chisomo: Ana inu, nyama ya ng'ombe mphindi 10? Imeneyo ndi yaiwisi. Ng'ombe zathuzi zimayenda mitunda kusaka msipu, zina zakoka ngolo zaka ndi zaka, mnofu wake ndi wolimba. Mano a ife akuluakulu sangaithe.

Make Tadala: Nkhawa yanga ndi yomweyo agogo.

Bambo Mbewe ku Joni: Moni amayi nonse, moni agogo. Ndiloleni ndiyankhepo, chifukwa iyi ndi ntchito imene imandidyetsa. Ndimaphika mu lesitilanti ya Matchaina kuno ku Cyrildene, dera la Johannesburg komwe malo awo odyera ndi mashopu andandana mumsewu wa Derrick Avenue. Agogo akunena zoona. Ng'ombe zathu za linunda zimaphedwa zitakula, ndipo nyama yake imagulitsidwa tsiku lomwelo, pomwe kuno amayamba aisunga mozizira masiku angapo kuti ifewe. Koma kaphikidwe aka kanachokera ku China, kwa anthu amenenso sankadya nyama yambiri, ndipo anapeza njira zofewetsera kanyama kochepa komwe ali nako. Nkhani imayambira kubutchala. Musalole akudulireni ya mikisi ija yothyola ndi chikwanje, mafupa ndi mafuta pamodzi. Pemphani mnofu wokhawokha. Ngati m'thumba muli bwino tengani fileti, apo ayi rump kapena sirloin, ya kumsana chakumbuyo. Topside nayo imatheka mukaidula mopyapyala. Ya m'miyendo, ya pachifuwa ndi ya m'khosi isiyeni, ili ndi mitsempha yambiri imene imafewa ndi kuwiritsa kwa nthawi yaitali basi. Imeneyo muziphika Loweruka muli ndi nthawi.

Bambo Mbewe ku Joni: Kenako kadulidwe, ndipo apa ndi pamene pagona theka la ntchito. Mukauyang'anitsitsa mnofu muona mizere ikuyenda mbali imodzi. Mpeni uzidutsa mizereyo mopingasa, osaitsatira ayi. Mukaitsatira, mano ndi amene adzavutike kudula ulusi wautaliwo. Mukapingasa ndiye kuti mwaudula kale kukhala waufupiufupi, m'kamwa umangophwanyika. Kukhuthala kwake mamilimita 3 kapena 4, kutalika ngati chala. Amene muli ndi firiji, ikani nyamayo mufiriza mphindi 20 mpaka 30 kuti ilimbe pang'ono koma isaundane, mpeni umadutsa bwino. Ndipo nolani mpeni. Mpeni wobuntha umang'amba nyama, zidutswa zimatuluka zina zonenepa zina zopyapyala, ndiye sizipsera limodzi.

Make Tadala: Ndikulemba zonse achimwene. Pitirizani.

Agogo a Chisomo: Zodula mopingasazo ndazimva. Ife kumudzi nyama ikakhala yolimba tinkaikulunga m'masamba a papaya otikita pang'ono kuti utomoni utuluke, n'kuisiya kwakanthawi. Imafewa ndithu.

Aphunzitsi a Jere: Agogo, nzeru imeneyo ndi yeniyeni. Mu utomoni wa papaya muli chinthu chotchedwa papain chimene chimaphwanya mapuloteni a nyama, ndipo mankhwala ambiri ofewetsera nyama a m'mashopu amapangidwa kuchokera ku chomwecho. Nanazi wamuwisi naye amachita chimodzimodzi. Chenjezo ndi lakuti pa nyama yodula mopyapyala chonchi zimagwira msanga kwambiri. Mphindi 15 zakwana. Mukapitirira nyama imateketa, simumvanso kuti mukudya nyama.

Bambo Mbewe ku Joni: Kukhitchini kwathu timagwiritsa ntchito soda. Pa theka la kilo: theka la supuni ya tiyi ya soda, supuni imodzi yaikulu ya soy sauce (msuzi wakuda wamchere wa m'botolo, wopangidwa ndi soya), masupuni awiri a madzi. Kandani ndi dzanja mpaka nyama imwe madzi onsewo. Kenako supuni yaikulu ya cornflour (kaufa kosalala ka m'mashopu kolimbitsira msuzi, osati ufa wa nsima), kandaninso, pomaliza supuni ya mafuta kuti zidutswa zisamatirane. Isiyeni mphindi 15 kapena 20, nthawi imeneyo n'kuti mukudula masamba. Cornflour uja amakuta nyama kuti madzi ake asathawe ikafika pamoto. Amene munadyapo chakudya cha Matchaina n'kudabwa kuti nyama yawo imaterera bwanji pakamwa, chinsinsi ndi chimenechi.

Agogo a Chisomo: Soda yemweyu wa therere?

Bambo Mbewe ku Joni: Yemweyo agogo, wa kachipaketi uja. Osati baking powder wa makeke. Koma theka la supuni likhale theka ndithu. Akachuluka nyama imamveka sopo. Amene dzanja lawo ndi lolemera, tsukani nyamayo pakatha mphindi 20, iumitseni ndi kansalu koyera, ndiyeno muthire zina zija.

Nesi Nankhoma: Ndiwonjezerepo: sodayo athere ku nyama basi, asafike ku masamba. Ndikudziwa timakonda kuthira soda kapena chidulo m'ndiwo zamasamba kuti zifewe msanga, koma amawononga vitamini C ndi B1. Ubwino wa kaphikidwe aka ndi wakuti masamba amakhala pamoto kanthawi kochepa, ndipo palibe madzi otaya, ndiye zofunika m'thupi zambiri zimatsala. Mafuta pang'ono aja amathandizanso thupi kutenga vitamini A wa m'karoti, ndipo vitamini C wa mu green pepper amathandiza kutenga ayironi. Kwa ana ndi amayi oyembekezera ndi ndiwo zabwino kwambiri. Tiyi yekha asamwedwe nthawi yomweyo, amatchinga ayironi.

Make Pemphero: Funso langa ndi lina. N'chifukwa chiyani nyama ikangofika mufulayipani imatulutsa madzi ambiri, kenako imayamba kuwira n'kutuwa m'malo mofiira? Zikatero imalimba, ndipo sipakhala kuchitira mwina koma kuthira tomato n'kuisandutsa ya msuzi.

Nachisale: Mumathira yonse nthawi imodzi asisi?

Make Pemphero: Eya, nanga si tikuthamangira nthawi.

Bambo Mbewe ku Joni: Yankho lili pomwepo amayi. Mukaiwala zonse zimene ndalemba usiku uno, ichi chokha musaiwale: nyama imalowa pang'onopang'ono. Theka la kilo ligaweni patatu. Chiwaya chitenthe chopanda kanthu mpaka muone kautsi, thirani supuni ya mafuta, yalani nyama gawo limodzi, chidutswa chilichonse chigunde chitsulo, pasakhale kusanjikizana. Ndiyeno chotsani dzanja. Mphindi imodzi yathunthu osaigwira. Mtima umafuna kutakasa, koma dikirani mpaka m'mbali mufiire. Tembenuzani, mphindi ina imodzi, phulani muike m'mbale. Dikirani chiwaya chitenthenso musanathire gawo lachiwiri. Magawo atatu amatenga mphindi 6 kapena 7. Kuthira yonse kumaoneka ngati kufulumira, koma mumathera mphindi 20 kudikira madzi aphwe, ndipo pofika apo nyama yalimba kale.

Aphunzitsi a Jere: Chifukwa chake ndi ichi. Mnofu wa ng'ombe, pafupifupi magawo atatu mwa anayi ndi madzi. Madzi akawira amaima pa madigiri 100, ngakhale musonkhezere moto chotani, ndipo kumalo okwera ngati ku Dedza amawira asanafike n'komwe pa 100. Koma kufiira kuja ndi fungo la nyama yootcha zimabwera kutentha kukafika cha m'ma 140 kupita m'mwamba, pamene mapuloteni ndi shuga wa m'nyamamo zimagwirana. Woyamba kuzifotokoza anali katswiri wa ku France, Louis-Camille Maillard, mu 1912. Ndiye mukathira nyama yozizira yambiri, chitsulo chimazizira, madzi otuluka m'nyama amasowa moto wowaumitsa, amadikha pansi. Malinga ngati pansi pali madzi, 140 simufikapo. Nyama ikakhala yochepa, madzi amauma akangotuluka.

Make Pemphero: Tsopano ndamvetsa. Zikomo aphunzitsi. Ndiye nyamayo tisamaitsuke tikamadula?

Bambo Mbewe ku Joni: Mukaitsuka iumitseni. Masambanso chimodzimodzi, tsukani msanga muwaike pa lichero kapena mu sefa madzi akhe. Masamba onyowa amazimitsa kutentha kwa chiwaya, komanso mafuta amathethekera m'manja.

Nabanda: Zonsezi ndi za anthu a gasi eti? Ife a mbaula tingoonerera?

Bambo Mbewe ku Joni: Ayi amayi, inu a mbaula ndi amene muli pabwino. Moto wa m'malesitilanti a Matchaina ndi waukali kuposa gasi wa kunyumba kangapo konse, ndipo chimene chimayandikirako ndi makala oyaka bwino. Dzazani mbaula, kupizani mpaka makala onse afiire, utsi uthe. Musateleke makala akadali akuda. Chiwaya chawo chotchedwa wok ndi m'bale wake wa chiwaya cha tchipisi cha m'misika mwathu: pakati polowa pamene pali moto wambiri, m'mbali mozizirirako mokankhira zimene zapsa. Anyamata a kanyenya amadziwa kale kuti nyama imafuna chitsulo chotentha ndi malo okwanira. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amasambitsa nyama m'mafuta, pomwe apa masupuni atatu kapena anayi akwanira mphika wonse.

Nasimango ku Leeds: Kuno ambiri tili ndi mbaula zamagetsi, ndipo wok wozungulira kunsi sakhala bwino pamenepo, amagunda moto ndi kadontho kokha. Ndimagwiritsa ntchito fulayipani yaikulu yachitsulo cholemera, yafulati kunsi, ndimaisiya itenthe mphindi 4 kapena 5. Amene muli ndi hotplate kumudzi chitani chimodzimodzi. Za non-stick zija, zopakidwa utoto woti chakudya chisamate, musaziike pamoto waukulu zopanda kanthu, utoto wake umawonongeka kutentha kukapitirira cha m'ma 260.

Nabanda: Nanga mafuta, aliwonse?

Nachisale: Omwewa ophikira a mpendadzuwa, a soya kapena a mtedza. Majarini ndi batala ayi, zimapserera musanayambe n'komwe.

Make Tadala: Chabwino, nyama yapsa ili m'mbale. Masamba amalowa bwanji? Nachisale tandiuzeni monga mumachitira inuyo.

Nachisale: Olimba ndiwo amayamba. Kwa anthu 6 ndimatenga karoti ziwiri zazikulu, green pepper awiri, anyezi wamkulu mmodzi, zitheba zodzaza dzanja, ndi mpukutu umodzi wa chainizi. Karoti ndimadula mopendeka, mopyapyala, kuti zipse msanga. Anyezi osati wonyenyanyenya wa mu supu uja, akhale zigawo zazikulu zoti munthu atafune. Chainizi ndimalekanitsa mapesi oyera aja ndi masamba obiriwira, chifukwa sizipsera limodzi. M'chiwaya chomwe mwachoka nyama, osachitsuka, supuni ya mafuta, karoti ndi zitheba mphindi ziwiri mukutakasa. Zikaoneka kuti zikupserera zisanafewe, thirani masupuni awiri a madzi m'mbali, nthunzi yake imathandiza. Kenako anyezi, green pepper ndi mapesi a chainizi, mphindi ziwiri. Kankhirani zonse m'mbali, pakati ikani adyo wosinja mano anayi ndi jinja wamuwisi wotalika ngati chala chachikulu, masekondi 30 okha fungo likwere. Adyo akalowa poyamba pa moto woterewu amada n'kuwawitsa mphika wonse. Ndiyeno masamba obiriwira, akangofota bwezerani nyama pamodzi ndi timadzi tonse tatsikira m'mbale, thirani msuzi, takasani mphindi imodzi, phulani.

Make Tadala: Msuzi wake uti?

Nachisale: Mumausakaniza m'kapu musanayatse moto. Masupuni awiri aakulu a soy sauce, supuni imodzi ya oyster sauce ngati muli nayo, supuni ya tiyi ya shuga, supuni ya tiyi yodzaza ya cornflour, ndi theka la kapu ya madzi. Muuvundule kachiwiri musanathire chifukwa cornflour amadikha pansi. Ukangobwata umalimba n'kuwala, n'kumata pa nyama ndi masamba.

Nabanda: Oyster sauce ndi chiyani kwenikweni? Ife a Sabata pali zina sitidya.

Bambo Mbewe ku Joni: Mwachita bwino kufunsa amayi. Amapangidwa ndi msuzi wa nkhono za m'nyanja yamchere zotchedwa oyster, ndiye kwa inu sangayenere. Anayamba kumupanga ndi Lee Kum Sheung mu 1888 ku Guangdong, kum'mwera kwa China, ndipo kampani yake ya Lee Kum Kee ilipobe mpaka lero. Alipo wina wopangidwa ndi bowa, amalemba pa botolo. Mukamusowa ingomusiyani, chakudya chimakomabe. Nyengo ya dzinja thirani bowa weniweni wodziwika bwino, mumukazinge payekha ngati nyama ija chifukwa naye amatulutsa madzi ambiri.

Nesi Nankhoma: Pa soy sauce ndiime pang'ono, chifukwa a BP pagulu pano tilipo ambiri. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, pafupifupi supuni imodzi ya tiyi. Supuni imodzi yaikulu ya soy sauce ili ndi mchere woyandikira theka la mlingo umenewo. Masupuni atatu ogawana anthu 6 si vuto, vuto limabwera tikathiranso mchere wa m'dzanja, kenako kyubu, kenako wina n'kuwazanso patebulo. Mukathira soy sauce, mchere wina usalowemo mpaka mutalawa. Ngati kukoma kukuperewera, finyirani ndimu pomaliza.

Make Pemphero: Nanga amene tilibe soy sauce? Kugolosale ya kwathu kuno sapezeka, mpaka kukwera minibasi kupita m'tauni.

Nachisale: Botolo limodzi limakhalitsa asisi, mukapita m'tauni gulani. Koma popanda iye zimathekabe: mchere pang'ono, adyo ndi jinja wochulukirapo, tsabola wakuda, kashuga, ndimu. Kukoma kumasiyana koma nyama imafewa chimodzimodzi. Cornflour akasowa, ufa wa chinangwa wosefa bwino umalimbitsa msuzi. Ufa woyera wa nsima ayi, umachita mibulu ndipo umafuna kuwira nthawi yaitali.

Agogo a Chisomo: Zonsezi ndamva, koma mtima wanga sunakhazikike. Mphindi ziwiri pamoto, njoka za m'mimba zafa? Kale tinkauzidwa kuti nyama ya ng'ombe yosapsa imapatsa njoka zazitali zija.

Nesi Nankhoma: Munauzidwa zoona agogo. Njoka zaphanthiphanthi zija zimachokera ku timatuza toyera tobisala mu mnofu wa ng'ombe yodwala, ndipo chimene chimatipha ndi kutentha kukafika mpaka pakati pa nyama. Nthuli yaikulu imatenga nthawi kuti moto ulowe mkati, n'chifukwa chake timaiwiritsa nthawi yaitali. Kachidutswa ka mamilimita 3 moto umakadutsa mbali zonse mwamsanga, komanso kumbukirani kuti nyamayo imabwereranso m'chiwaya kukabwata ndi msuzi. Dulani chidutswa chonenepa kuposa zonse muone, mkati musakhale mofiira. Gulani nyama imene yayezedwa ndi alangizi a ziweto, imakhala ndi chidindo. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ine ndi thabwa ndi mpeni. Masamba awa sakhalitsa pamoto, ndiye yambani kudula masamba, nyama pomaliza, kapena tsukani thabwa, mpeni ndi manja ndi sopo mukachoka ku nyama. Mbale imene munali nyama yaiwisi isalandirenso yakupsa.

Bambo Mbewe ku Joni: Anesi anena bwino. Kungoti kwa amene mukufuna nyama ikhale m'soda uku mukudula masamba, yambani ndi nyama, tsukani zonse ndi sopo, ndiyeno masamba. Kukhitchini kwathu matabwa ndi osiyana mitundu, la nyama ndi la nyama basi.

Agogo a Chisomo: Apo ndiye ndamva. Koma karoti zokhukhuta ine ayi. Zanga zifewe.

Nachisale: Za agogo muviike karoti ndi zitheba m'madzi owira mphindi ziwiri musanakazinge, zimafewa koma mtundu wake umakhalabe wowala. N'chimodzimodzi ngati pali ana aang'ono.

Make Tadala: Tsopano nkhani yaikulu. Bambo a kunyumba kuno chakudya chopanda nsima sachiwerengera. Ndiwo zimenezi zingayende ndi nsima?

Make Pemphero: Ine ndikuti ayi. Nsima imafuna potowa. Izi ndi za mpunga.

Nabanda: Bwanji osayenda? Nanga nyama yootcha ndi kabichi wokazinga sitidyera nsima? Msuzi wake uli kuti?

Make Pemphero: Koma shuga ndi jinja pa nsima, asisi? Lilime silivomera.

Nachisale: Kwa ine mpunga ndiye mwini wake, makamaka Kilombero wa ku Karonga ndi fungo lake lija. Mumauteleka musanayambe kudula, pomaliza kukazinga n'kuti wapsa. Spaghetti nayenso amalowa bwino, mumamuwiritsa n'kumuthira m'chiwaya momwemo pamodzi ndi msuzi. Koma masiku a nsima ndimachulukitsa madzi a msuzi kufika kapu yathunthu, cornflour masupuni awiri a tiyi, shuga ndimamusiya. Potowa pamapezeka.

Bambo Mbewe ku Joni: Amayi a Pemphero, yesani ya tomato musanagamule. Anthu a ku Guangdong ali ndi ndiwo yawo ya nyama ya ng'ombe ndi tomato, ndipo Amalawi amene timagwira nawo ntchito kuno ndi imene timaikonda ikafika nthawi yathu yodya. Nyama mumakonza monga ndafotokozera. Tomato atatu kapena anayi akupsa koma olimba, dulani zigawo zinayi kapena zisanu ndi chimodzi, osamunyenya. Akalowe pambuyo pa anyezi, mphindi ziwiri zokha, afewe m'mbali n'kutulutsa madzi koma asasungunuke. Apo msuzi umakhala wofiira, wodziwika pa lilime lathu, ndipo ndi nsima umayenda bwino lomwe. Kambuzi mmodzi wodula pakati kwa okonda zowawa, kapena Nali patebulo kuti ana asavutike.

Make Pemphero: Ya tomatoyo ndiye ndiyesa.

Aphunzitsi a Jere: Pali china chimene sitinachitchule, ndipo kwa ine ndi chachikulu. Theka la kilo lodula nthuli monga mwa masiku onse limatuluka nthuli zowerengeka, zina mafupa. Pogawa, zazikulu zimapita m'mbale ya bambo ndi alendo, ana amapatsidwa kafupa ndi msuzi. Tonse tinakula choncho. Theka la kilo lomwelo la mnofu lodula mopyapyala limatuluka zidutswa zambirimbiri zomwazikana m'masamba, chipande chilichonse chimanyamula nyama. Mwana wa zaka zitatu, amene thupi lake likuifuna nyamayo kuposa tonse, amadya n'kuitafuna bwinobwino. Mnofu ndi wokwera mtengo kuposa mikisi, n'zoona, koma simulipira fupa.

Nesi Nankhoma: Aphunzitsi mwandilankhulira. Komanso ana amene amasankha masamba amawadya akakhala onona ndi msuzi wa nyama chonchi.

Nabanda: Ndipo masiku ovuta kota ya kilo ikhoza kukwana eti, n'kuchulukitsa kabichi?

Nachisale: Imakwana. Kabichi, repu, mpiru wanthete, nsawawa, ngakhale therere lobala laling'onoling'ono lodula pakati, pa moto waukulu silitanuka kwambiri. Odutsa pa Lizulu ku Ntcheu gulani karoti ndi kabichi zambiri, zimasungika. Lamulo ndi lomwe lija la nyama: chiwaya chisadzaze. Masamba akachuluka akazingeni kawiri.

Make Tadala: Kodi ndingadule zonse usiku kuti mawa ndikangofika n'kuyatsa moto?

Bambo Mbewe ku Joni: Ngati firiji ikugwira ntchito, inde. Karoti, zitheba, green pepper ndi anyezi m'kontena yotseka. Masamba obiriwira tsukani koma mudzadule mawa lomwelo. Nyama dulani, thirani soy sauce, cornflour ndi mafuta, ivundikireni muike pansi penipeni pa firiji kuti isadonthere zina. Soda ndi papaya zokha zisagone ndi nyama, mudzathire mukafika, uku mukuteleka mpunga. Ngati magetsi kwanuko akuzimazima, gulani nyamayo pobwera kuntchito, muwapemphe a butchala akudulireni mopyapyala mukuona.

Nasimango ku Leeds: Chenjezo limodzi poti tikunena za moto waukulu. Mafuta akagwira moto m'chiwaya musathire madzi, moto umalumpha mpaka kudenga. Vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo, zimitsani gasi kapena magetsi, chisiyeni chizizire. Chivundikirocho chizikhala pafupi musanayambe. Ndipo ana asayandikire mbaula nthawi imeneyi, mwana wa kumsana mupatseni wina.

Nabanda: Zoona asisi. Achimwene a Mbewe, funso lomaliza kwa ine. Mapoto anga ndi a aluminiyamu opyapyala aja. Ndikapite kwa owotcherera zitsulo akandipangire kachiwaya kakang'ono?

Bambo Mbewe ku Joni: Poto wopyapyala amapsereza malo amodzi ndipo amazizira mukangothira nyama, komanso ndi wakuya, nthunzi imatsekeredwa mkati. Kachiwaya kopangitsa n'kabwino kwambiri. Muwauze chikhale chitsulo chakuda wamba, chokhuthala mamilimita awiri, chotambalala masentimita 35, cholowa pakati, cha zogwirira ziwiri. Asakupangireni ndi malata ofolera nyumba, ali ndi zinki amene safunika pa moto ndi pa chakudya, ndiponso osati mgolo umene munali penti kapena mankhwala. Mukabwera nacho chikwecheni ndi sitiliwulu ndi sopo, chiikeni pa mbaula mpaka chisinthe mtundu, pakani mafuta pang'ono ndi kansalu, chitenthenso mpaka utsi uthe. Bwerezani kangapo, chida n'kuyamba kuterera, nyama siimatanso. Mukatha kuphikira tsukani ndi madzi otentha, chiumitseni pamoto, pakani kadontho ka mafuta. Mukachisiya chonyowa usiku umodzi m'mawa mupeza dzimbiri.

Nabanda: Masentimita 35 akwana pa mbaula wamba?

Bambo Mbewe ku Joni: Yezani kukamwa kwa mbaula yanu musanapite. Pansi pa chiwaya palowe pang'ono mu mbaulamo kuti chisagwedezeke potakasa, koma pasakhudze makala ndipo pasatseke mpweya, apo ayi moto uzima. Ngati mbaula ndi yaing'ono pangitsani cha 30, nyama muzigawa panayi.